Chofufutika m'foni sichifa pomwepo

Ku Thambani, m'boma la Mwanza, foni idasiya kalekale kukhala yongoimbira. Mayi amene mwana wake amadwala khunyu amajambula pepala la mankhwala n'kulisunga m'foni. Bambo amene adakayezetsa shuga kuchipatala chachikulu cha pa boma amasungamo zotsatira zake. Wodzipereka wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ali ndi mndandanda wa amayi oyembekezera, wa ana onyentchera ndi wa mabanja amene adalandira maneti. Zonsezi zili m'kachipangizo kamodzi, komwe madzulo kamabwerekedwa kwa mwana wa zaka zisanu kuti aonere katuni, m'mawa n'kukasiyidwa pa shopu yotchajitsa pakati pa mafoni a anthu ena.

Ndiye tsiku lina mutsegula, n'kupeza mulibe kanthu. Zimene ambiri amachita zikatere ndizo zimamaliza kuwononga. Amayamba kubayabaya paliponse, kujambula zithunzi zina pofuna kuona ngati kamera ikugwira, kutsitsa mapulogalamu olonjeza kubweza zotayika, kenaka n'kupita nayo kwa mnyamata woika nyimbo pa msika, yemwe mankhwala ake a matenda alionse ndi kufomata. Chonsecho pa nthawi imene mwini foni akuyamba kudandaula, zambiri mwa zinthuzo zimakhala zikadalimo.

Munda wopanda mwini

Kompyuta, memori khadi ndi fulashi zimasunga zinthu m'magawo awiri. Pali malo enieni amene chithunzi kapena kalata yanu yakhala, ndiye palinso kaundula wonena kuti fayilo yakuti ili pamalo pakuti. Mukadina Delete, chipangizocho sichidzivutitsa kukachotsa chithunzi chija. Chimangolemba m'kaundula kuti malo aja tsopano alibe mwini. Zili ngati amfumu alengeza kuti munda wakuti ndi wa aliyense woufuna: chimanga chimakhala chili chiimire m'mundamo mpaka tsiku limene wina adzafike ndi khasu.

Khasu limeneli ndi chilichonse chatsopano chimene mungasungemo, kaya ndi nyimbo imodzi, kanema wolowa pa gulu la WhatsApp, ngakhale pulogalamu yomwe mwatsitsa kuti ikuthandizeni. Zatsopano zikalembedwa pamwamba pa zakale, palibe katswiri wa ku Blantyre kapena wa ku Johannesburg amene angazibweze. N'chifukwa chake chithandizo choyamba pano n'chofanana ndi chimene timawauza anthu onyamula munthu wothyoka fupa: musagwedeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi kusuzumira m'dzala, chifukwa zipangizo zambiri zili nalo. Pa kompyuta ya Windows limatchedwa Recycle Bin. Mukatsegula n'kupeza fayilo yanu, sankhani Restore, ibwerera pamalo pake. Ngati mwangofufuta kumene, kudina Ctrl ndi Z pamodzi kumabweza zimene mwachitazo. M'mafoni ambiri a Android dzalali lili m'pulogalamu yoonera zithunzi, ndipo limalembedwa kuti Trash, Bin kapena Recently deleted. Ambiri mwa madzala amenewa amasunga zinthu kwa masiku 30, ena mpaka 60, kenaka amazitaya okha. Pali misampha iwiri pa Windows: chimene mwafufuta mutagwira Shift sichidzera m'dzala, ndipo zofufutidwa mufulashi nthawi zambiri sizidzeramonso.

Ngati m'dzala mulibe, ndipo zinthuzo zidali m'memori khadi, zimitsani foni, chotsani memoriyo, ikulungeni pakapepala n'kuisunga. Musaibwezere m'foni mpaka mutapeza munthu wa kompyuta, ngakhale zitatanthauza kudikira tsiku lopita ku boma. Memori yokhala m'thumba sitaya kanthu. Yotaya ndi imene ili m'foni yoyaka, yomwe ikulandira mauthenga usana ndi usiku.

Kwa munthu wa kompyutayo mukamuuze kuti mukufuna pulogalamu yofufuza zofufutika. Yodziwika kwambiri ndi Recuva. Palinso PhotoRec, yaulere, yomwe adalemba Christophe Grenier wa ku France, komanso Windows File Recovery ya kampani ya Microsoft yomwe idatuluka mu 2020. Mapulogalamuwa amatha kulambalala kaundula uja n'kumayenda m'munda mwenimwenimo, kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena kalata. PhotoRec imabweza mafayilo opanda maina awo akale, moti pamafunika kukhala pansi n'kumatsegula imodziimodzi. Chofunika kuyang'anira ndi chimodzi: zimene zapezekazo azisunge pa kompyuta yake kapena mufulashi ina. Akazisunga m'memori yomweyo, ndiye kuti akulima munda womwe akufuna kukololamo.

Nthawi zina mukalowetsa memori kapena fulashi, kompyuta imanena kuti iyenera kufomatidwa isanagwiritsidwe ntchito. Kanani. Uthengawu umangosonyeza kuti kaundula wawonongeka, ndipo zinthu zanu zikhoza kukhala zonse bwinobwino. Ngakhale itafomatidwa kale mwa njira yachidule, mwayi umakhalapo ndithu malinga simudasungemo zatsopano.

Palinso vuto lina lomwe laliza ophunzira ndi ogwira ntchito ambiri popanda chifukwa. Mwapita ndi fulashi kukasindikiza lipoti, pobwera mafoda anu onse asanduka timivi totchedwa shortcut. Imeneyo ndi vayirasi yofala m'makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, ndipo kawirikawiri imangobisa mafayilo. Onani kuchuluka kwa malo odzaza mufulashimo. Ngati ikuoneka yodzaza monga kale, katundu wanu alimo. Timivi tija musatidine. Wodziwa kompyuta achotse vayirasiyo ndi kuonetsa mafayilo obisika, ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu wodziwa lamulo lotchedwa attrib.

Pamene mankhwala sagwira

Ndinene mosabisa, monga timachitira ndi odwala: pali zina zosachiritsika. Zinthu zosungidwa m'kati mwenimweni mwa foni yamakono, zikachoka m'dzala, kawirikawiri zapita. Mafoni a Android a masiku ano amamanga mafayilo ndi makiyi achinsinsi, ndipo fayilo ikafufutidwa, zotsalira zake siziwerengeka. Mapulogalamu ambiri olonjeza kubweza zithunzi m'foni amangopeza timithunzi tating'ono tosaoneka bwino, ena n'kukudyerani bandulo ndi zotsatsa malonda. Malaputopu atsopano okhala ndi chosungira cha mtundu wa SSD nawonso amasesa okha malo ofufutidwa pasanapite nthawi. Foni imene yabwezeredwa mwakale ndi Factory reset ndiye musaiwerengerenso.

Chenjeraninso ndi memori zotchipa modabwitsa. Zina zimalembedwa 64GB pamene malo enieni ndi ochepa kwambiri. Masiku oyamba imagwira bwino, koma ikadzaza imayamba kulemba pamwamba pa zakale mwakachetechete, kapena kusunga mafayilo osatseguka. Pulogalamu yaulere ya H2testw imayeza ngati memori ndi yeniyeni, ndipo ndi bwino kuyezetsa isanalowemo kanthu.

Foni ikagwera m'madzi, izimitseni, chotsani memori ndi simu khadi, ndipo musaitchaje. Memori nthawi zambiri imapulumuka ikauma bwino, ngakhale foniyo itafa.

Nanga nkhaniyi ikufunanji pa tsamba la zaumoyo?

Fayilo yofunika kwambiri m'nyumba yanu mwina sili m'kompyuta. Ndi buku la kuchipatala. M'buku la mwana muli masiku amene adalandira katemera: wa BCG ndi wa poliyo atangobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Muli mzere wa kulemera kwake mwezi ndi mwezi, womwe umatiuza ngati kuonda kwa lero n'kwadzidzidzi kapena kudayamba kale. M'buku la munthu wamkulu muli mankhwala amene adamuwenga, monga Bactrim kapena penicillin, mlingo wa mankhwala a BP, shuga kapena khunyu, ndi mbiri ya uchembere, kuphatikizapo ngati mayi adachitidwapo opaleshoni.

Bukuli likasowa, ife achipatala timayamba kufunsa mafunso amene kholo silingathe kuyankha. Mankhwala ake ndi otani? "Timapilitsi toyera, adokotala." Toyera tilipo tambiri. Katemera wa BCG yekha ndiye amasiya chipsera pa mkono. Ena onse sasiya chizindikiro. Makaundula akuchipatala alipo, koma amathandiza ngati mwana adabayidwira pamalo pomwepo, ndipo kufufuza dzina limodzi m'mabuku a zaka ziwiri pa tsiku la sikelo si masewera. Kuno ku Mwanza anthu amayendayenda: lero ku Thambani, mawa ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo, ena amachokera kutsidya kwa malire ku Mozambique. Chimene chimalumikiza zipatala zonsezi ndi buku limene wodwala wanyamula m'manja.

Pano ndiike mawu awiri kwa makolo: kutaya buku si chifukwa chosiyira sikelo. Bwerani ndi mwanayo. Katemera akadukiza, sitiyambiranso pachiyambi, timapitiriza pamene adalekezera. Chimene chimativuta ndi kudziwa pamene adalekezerapo.

Namondwe wa Freddy adatiphunzitsa zimenezi mowawa. Pa 13 Malichi 2023 boma lidalengeza kuti maboma a m'chigawo cha kummwera agwa m'ngozi, ndipo Mwanza idali pa mndandandawo. Anthu oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, buku la kuchipatala salikumbuka. Amene amamwa ma ARV, akataya buku ndi botolo lomwe, amathandizidwa msanga ngati akudziwa zinthu zitatu: dzina la chipatala chimene amalandirako, nambala yawo ya m'kaundula wa ma ARV, ndi nambala ya mtundu wa mankhwala, monga 13A. Zitatuzi zimakwana pa kapepala kakang'ono kuposa chikhatho.

Adapulumutsa filimu ndi mayi wa khanda

Wina akhoza kuganiza kuti kutaya mafayilo ndi vuto la ife osadziwa kompyuta. Mu 1998 kampani ya Pixar ya ku America inkapanga filimu ya katuni ya Toy Story 2. Wogwira ntchito wina adalemba lamulo lofufuta pamalo polakwika, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mafayilo a filimuyo adapita. Akuluakulu sadade nkhawa poyamba, poti kampaniyo inkasunga makope. Atawatsegula adapeza kuti makopewo adali osakwanira, ndipo palibe amene adazindikira chifukwa palibe amene ankawayesa. Adawapulumutsa ndi Galyn Susman, mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo, yemwe adali ndi khanda ndipo ankagwirira ntchito kunyumba. Kompyuta yake ya kunyumba idali ndi kope la filimuyo. Adaikulunga m'mabulangete, kuikweza m'galimoto n'kupita nayo ku ofesi. Filimuyo idatuluka mu Novembala 1999.

Pafupi ndi kwathu kuno, mu Juni 2024, akuba a pa intaneti adalowa m'makompyuta a National Health Laboratory Service, bungwe loyeza magazi ndi zina m'zipatala za boma ku South Africa, komwe abale athu ambiri amalandira chithandizo. Adawononga mbali ya makinawo pamodzi ndi ena osungira makope, moti kwa masabata angapo zotsatira zinkachedwa, ndipo zofunika mwachangu ankazinena pa foni. Chaka chomwecho, mu Febuluwale, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba ofuna dipo, ndipo kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata.

Kwa ine, ya Pixar ndi ya ku South Africa zikunena zinthu ziwiri zomwe zimagwiranso ntchito pa mudzi. Kope losayesedwa lili ngati mbewu yosungidwa m'thumba lomwe simudalitsegulepo chikololere: anankafumbwe mudzawaona tsiku lodzala. Ndipo kope lokhala pamodzi ndi chinthu chenichenicho limafera limodzi nacho. Chithunzi cha buku la kusikelo chomwe chili m'foni, foniyo ili m'chikwama chimodzi ndi bukulo, chimapita pamodzi ndi chikwamacho chikabedwa m'minibasi.

Makope atatu pa mudzi

Akatswiri ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1, lomwe adalitchukitsa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh. Limati chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali. Lamuloli silifuna laputopu. Buku lenilenilo, lokulungidwa mujumbo ndi kuikidwa pamwamba pomwe madzi, chiswe ndi ana sangafike, ndilo kope loyamba. Chithunzi chake m'foni ndi lachiwiri. Lachitatu likhale kunja kwa nyumba yanu: pa intaneti, m'foni ya m'bale wodalirika amene mwamutumizira, kapena m'kabuku kolemba pamanja kosungidwa kwa agogo a mwanayo. Amene alibe foni ya kamera asadzione otsalira. Kukopera masiku a katemera ndi maina a mankhwala m'kope la kusukulu la masamba ochepa kumagwira ntchito yomweyo, ndipo kope lotere silifuna kutchaja.

Pa intaneti, akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15GB, ogawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Zithunzi za masamba a buku sizidya malo ambiri kapena bandulo yambiri. Amene amadya ndi makanema. Kumene netiweki imavuta, konzekerani kukweza zithunzizo tsiku limene muli pamalo pogwira bwino, ndipo musachoke musanatsimikize kuti zakwera. WhatsApp nayo ili ndi Chat backup, yomwe imasunga mauthenga ku akaunti yomweyo ya Google, ndipo imalola kusiya makanema kunja.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Akaunti ya Google ya m'mafoni ambiri idatsegulidwa ndi wogulitsa foni kapena mwana wa achimwene, ndipo mwini foni sadziwa imelo yake ngakhale pasiwedi. Zithunzi zikhoza kukhala zonse pa intaneti, koma foni ikatayika khomo limakhala lokhoma, kiyi ali ndi munthu amene adasamuka. Lembani imelo ndi pasiwedi papepala, n'kusunga kumene mumasunga chitupa cha unzika. Onetsetsaninso kuti nambala yanu ya TNM kapena Airtel idalembetsedwa ndi chitupa chanu, chifukwa kubwezeretsa WhatsApp kumafuna nambala yomweyo ndi akaunti yomweyo, ndipo nambala yolembetsedwa m'dzina la wina imavuta kuibweza ikatayika. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa, choncho muziisuzumirako.

Kwa odzipereka ndi alangizi a zaumoyo

Inu muli ndi udindo wowirikiza, chifukwa zimene mwasunga ndi za eni ake. Alangizi amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya iCHIS ya Unduna wa Zaumoyo akudziwa kuti imalola kulemba ngakhale popanda netiweki. Zimenezi n'zabwino, koma zikutanthauza kuti zonse zimene mwalemba zimakhala m'chipangizo chanu chokha mpaka mutazitumiza. Chipangizo chikayamba kuvuta musanatumize, musachotse pulogalamuyo, musafufute zosungidwa zake, ndipo musalole wokonza mafoni wa pa msika kuchifomata. Kauzeni wokuyang'anirani. Kaundula wa papepala musamunyoze. Tsiku limene tabuleti yakana kuyaka, ndiye amakuimirirani.

Koma kope la zinthu za odwala silisungidwa paliponse. Mndandanda wa anthu omwa ma ARV kapena a TB sungatumizidwe pa gulu la WhatsApp la mudzi kapena la mpingo pofuna kuti usatayike, ndipo suyenera kukhala m'foni imene ana amaseweretsa. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera, koma ngakhale lisanabwere, chinsinsi cha wodwala chidali kale lumbiro lathu. Funsani kuchipatala chanu njira yovomerezeka yosungira makope. Makolonso, buku la munthu wamkulu musalijambule ndi kulitumiza kwa achibale mwini wake asanavomere.

Ndipo kumbukirani kuti munda uja umagwira mbali zonse. Ngati inu mungabweze zofufutika m'memori, amene mwamugulitsa kapena kumubwereka memoriyo angathenso kutero. Popereka foni kwa wokonza, chotsani memori. Memori imene idasungapo zinthu za odwala isagulitsidwe; ngati yatha ntchito, ithyoleni.

Pojambula buku la mwana, yambani ndi tsamba la dzina ndi tsiku lobadwa, kenaka la katemera, la sikelo, ndi tsamba lililonse lolembedwa matenda aakulu kapena mankhwala omuwenga. Jambulani panja masana, bukulo litagona pa mphasa, ndipo kulitsani chithunzicho kuti muone ngati masiku akuwerengeka, makamaka mukachitumiza pa WhatsApp, yomwe imachepetsa zithunzi. Nthawi yabwino yojambulanso ndi tsiku la sikelo lomwelo, mlangizi akangomaliza kulembamo, musanabwezere bukulo mujumbo.